Timipango Titatu ta ku Kakumbi

4 Febuluwale 1991

Linali Lolemba, nthawi ili 06:30 m'mawa, pamene ndinaima pakhomo la ofesi yoyeza fumbi pa mgodi wina wa kopa m'chigawo cha Migodi. M'manja ndinali ndi envulopu ya khaki momwe munali satifiketi yanga ya sekondale, kumapazi nsapato zobwereka kwa achimwene anga. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Inu ana anga mumandidziwa ngati mdala wokhala pakhonde kuno ku Mfuwe, wongoyang'ana ndege zikamatera. Mukandifunsa ntchito imene ndinkagwira ndimati ndinkayeza mpweya, inu nkumaseka. Ndalemba izi kuti mudziwe kuti sikunali kucheza.

Bwana wanga woyamba anali a Mulenga, munthu wamfupi wa mawu otsika, amene asanalowe mu ofesi anagwira zaka zambiri pansi pa mgodi akuboola miyala. Ankatsokomola pang'onopang'ono, ngati munthu wopempha malo kuti adutse. Tsiku loyambalo sanandifunse za sukulu. Anandimangirira kapampu pa lamba, kakukula ngati sopo wochapira, napititsa kachubu pamsana mpaka paphewa. Kumapeto kwa kachubuko kunali kabotolo kakuda, m'kati mwake muli sefa yoyera yopyapyala kuposa pepala. Anakapanikiza pa kolala ya shati langa, pafupi ndi mphuno, nayatsa pampu. Inayamba kulira ngati njuchi yotsekeredwa m'chitini.

"Wamva? Ikupuma," anatero. "Mapapo a munthu alibe zenera. Zenera lake ndi kasefa aka. Chimene iwe wapuma, nakonso kapuma. Ukakapachika pamtengo, ukhala ukuyeza mapapo a mtengo."

Chaka chachiwiri anandiphunzitsa za asibesitosi. Mapaipi akale a nthunzi anali okutidwa nayo, ndipo nyumba zambiri za m'komboni zinali zofoleredwa ndi malata ake otuwa aja. Akakhala osakhudzidwa savuta kwambiri. Akathyoledwa, kudulidwa kapena kuzulidwa misomali ali ouma, amatulutsa tiulusi tosaoneka ndi maso, timene tikalowa m'mapapo sitibwerera. Munthu amakhala wabwinobwino zaka makumi awiri kapena atatu, kenako mpweya umayamba kumuchepera. A Mulenga anandionetsa kuika sefa pa kagalasi, kuisungunula ndi nthunzi ya mankhwala mpaka ioneke ngati madzi, ndi kuwerenga tiulusito pa maikulosikopu. Tsiku limene ndinationa koyamba ndinaiwala kupuma. Munali ngati mwezi wathunthu, ndipo m'mwezimo munkayandama timitengo towongoka, tina tokha, tina topingasana, tonse tili zii. Ndinaona ngati ndasuzumira m'dziwe la kwathu ku Katete madzi atadikha.

"N'zokongola, eti?" anatero a Mulenga ali kumbuyo kwanga. "Werenga. Ndipo chimene sunachione ndi maso ako usachisainire."

2000 mpaka 2016

Mgodi utasintha eni ake, ofesi yathu inachepetsedwa. Ndinapita ku Lusaka, kumene ndinalowa pa kakampani ka anthu anayi koyeza mpweya m'mafakitale ndi m'nyumba zakale. Zaka zimenezo zimandibwerera ngati msewu umodzi wautali: Kabwe, Kafue, Mazabuka, mabasi a m'mawa, amayi anu akundilongedzera mbatata yophika m'pepala. Tinkasowa chilichonse. Masefa ankachokera kunja ndipo ankatha miyezi ali m'njira. Mabatire a mapampu ankafa ntchito ili pakati. Bwana wathu wa kumeneko anali wokoma mtima koma wothamanga, ndipo mawu ake anali amodzi: "Lipoti lituluke, a Phiri." A Mulenga anamwalira chifukwa cha chifuwa ndili ku Kabwe. Akazi awo ananditumizira maikulosikopu yakale ya m'bokosi la matabwa, imene amuna awowo anagula pamene ofesi inkagulitsa zakutha. Ndinayenda nayo paliponse kufikira tsiku lopuma ntchito.

16 Okutobala 2017

Ku Kakumbi, konkuno ku Mfuwe, kunali shedi yakale ya thonje, yamakoma olimba a njerwa, koma denga lake la asibesitosi linali litang'ambika malo ambiri. Chaka chimenecho njovu zinali zitaswa kale nkhokwe zingapo m'midzi yozungulira, choncho anthu anagwirizana zosunga chimanga chawo pamodzi m'shedimo, m'mene chitamba sichingalowe. Bungwe lina linapereka malata atsopano, koma linalamula kuti pochotsa akalewo pakhale munthu woyeza mpweya umene antchito akupuma. Munthuyo ndinali ine. Ndinatsika m'chigwa ndi mapampu atatu, maikulosikopu, ndi masefa khumi. Asanu ndi anayi anali a ntchito, imodzi yosatsegula, yofananitsira ndi zinzake.

Kutentha kwa Okutobala m'chigwa muno mukukudziwa. Nyenje zinkalira kuchokera m'mawa, kulira kumene kumalowa m'mutu mpaka munthu osadziwanso ngati kuli kunja kapena m'kati mwake. Matumba a chimanga anali ataunjikidwa panja pa shedi, atafunditsidwa matenti ong'ambika, ndipo madzulo aliwonse mitambo inkaunjikana pamwamba pa mapiri a Muchinga, kutiyang'ana.

Mwini kontirakiti anali a Daka a ku Chipata. Sanali munthu woipa, ndipo ndikufuna mudziwe zimenezi. Vuto lawo linali madzi. Malata otere amayenera kunyowetsedwa asanazulidwe msomali uliwonse, kuti fumbi lisauluke. Koma mjigo unali umodzi, mtunda ndithu, ndipo amayi ankayamba kufola kusanache, kudikira kuti njovu zichoke panjira. Diramu imodzi yokha ndiyo inkafika pa tsiku, ndipo pofika teni koloko inali itauma.

"A Phiri, tichite chonchi," anatero a Daka. "Tigwire masiku awiri ndi madzi amene alipowa. Makina anu akanena kuti mphepo ili bwino, tipitiriza chomwecho. Akakana, ndimvera inu."

Ndinavomera. Sindinayenera, koma ndinavomera.

Okwera padenga anali atatu. Kapitawo wawo anali a Sakala, Mkunda wa komweko, wamtali, wa imvi za m'mbali, mkulu wa mpingo. Winayo anali Shadreki, wa nthabwala zosatha, ndipo wachitatu anali mlamu wake wosayankhulayankhula. Ndinawamangirira mapampu mmodzimmodzi monga anandichitira a Mulenga. Kenako ndinanena mawu amene ndakhala ndikuwabwereza mumtima zaka zonsezi.

"Makinawa achokera kutali kwambiri, ndipo alipo atatu okha. Chonde muwasamale ngati mwana wakhanda."

Ndinkatanthauza kuti asawagwetse. A Sakala anawomba m'manja mwaulemu, nati, "Musade nkhawa, bwana. Chinthu cha mlendo sichiwonongeka m'manja mwathu."

Shadreki anayang'ana kabotolo ka pa kolala yake. "Manje aka kamamva zonse? Nikanena bwana Daka miseche kazakauza?"

"Kamangomva fumbi chabe," ndinatero.

"Ndiye tili pabwino. Fumbi silinanyozepo munthu."

Lamba wa masiki ya Shadreki anaduka asanakwere n'komwe. Yapadera panalibe, choncho ndinamupatsa yanga. Wopanda masiki saloledwa kudutsa chingwe chotchinga malo a ntchito, ndipo lamulolo ndinali nditaika ndine. Makwerero anali kuseri kwa shedi. Ine ndinakhala kutsogolo, patali, pansi pa mtengo wa bwemba, wotchi ndi kabuku zili pamwendo. Kuchokera pamenepo anthu atatuwo ankaoneka ngati zithunzithunzi zakuda zoyenda m'mphepete mwa dzuwa. Madzi atatha, lata lililonse likamazulidwa pankatuluka kautsi koyera, kowala, kamene kankakwera pang'ono nkuima m'malere ngati sikakudziwa kolowera. Ndinkakayang'ana mpaka maso kulemera. Ndinaganiza za a Mulenga, za dziwe la ku Katete, za inu muli ang'onoang'ono. Sindinagone, koma sindinganene kuti ndinali maso.

Nthawi yowerukira anandibwezera mapampu ndi manja awiri, opukutidwa bwino. Ndinayeza kakokedwe ka mpweya ka pampu iliyonse ndipo kanali bwino, kongotsika pang'ono. Masana omwewo, m'kachipinda kamene ndinkagona, ndinaika masefa atatu pa maikulosikopu. Mwezi uja unali woyera. Ndinasuntha kagalasi, ndinasunthanso. Apa kaulusi kamodzi, apo palibe. Ndinakondwa. Ndinati mwina kamphepo ka pamwamba kakuthandiza.

17 Okutobala 2017

Lachiwiri zinali chimodzimodzi. Koma tsiku limenelo kunalibe mphepo ngakhale pang'ono, ndipo lata limodzi linathyoka pakati a Sakala ali chogwada pamwamba pake. Ndinaona ndi maso anga kautsi kaja kakuwakuta mutu. Nditaika sefa yawo pa maikulosikopu inali yoyera. Ndinatenga kachidutswa ka sefa yosatsegula ija kuti ndifananitse. Zinali ngati mapasa.

A Daka anandipeza ndili chiyang'anire. "Nanga makina akuti bwanji?"

"Akuti kuli bwino."

"Ndiye mwakwinyiranji nkhope ngati mwaluza? Sainani, mdala. Lachisanu tikhoma malata atsopano, chimanga chilowa, tonse tipita kwathu."

Pa fomu ya zotsatira ndinali nditalemba kale manambala onse. Panatsala dzina langa lokha. Ndinawauza kuti ndisaina madzulo.

Cha m'ma 16:00 a Sakala anabwera kudzanditenga. Anati mlendo sangathe masiku awiri m'mudzi osaponda pakhomo pawo. Tinayenda m'kanjira kodutsa m'minda youma, m'mene ndowe za njovu zinali mbwee, mpaka pa nyumba yawo ya njerwa zowotcha yokhala ndi mitengo iwiri ya mango. Akazi awo, amake Tisa, anagwada nati, "Mwaswera bwanji, bwana?" nabweretsa munkoyo wozizira m'kapu ya pulasitiki. Ndikumwa, maso anga anagwera pa chingwe choyanikira zovala. Panali timipango tiwiri toyera, ta m'thumba, tochapidwa kumene. Pakati pa kalikonse panali kadontho kotuwa, kozungulira bwinobwino, kakukula ngati chitsekerero cha botolo. Kachitatu kanali pamwala pafupi ndi beseni, kasanachapidwe.

Ndinadziwa kukula kwa kadonthoko. Ndinali nditakuona tsiku lililonse kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, pakamwa pa kabotolo kakuda ka sefa kaja.

"Timipangoti n'ta ndani, amayi?"

"N'ta makina anu," anayankha akumwetulira. "Abambo a kuno anati mwawapatsa zinthu zodula, zoyera m'kati, ndipo kumwambako kuli fumbi loopsa. Ndiye ndinatulutsa timipango ta ku tchalitchi. Koma fumbi lake n'lamakani! Ndimayamba ndakung'untha, kenako kuchapa kawiri, dontho osachoka."

A Sakala anaseka mwamanyazi ngati munthu amene zabwino zake zaululika. "Timamanga pakamwa pa timabotolo kuseri kuja tisanakwere, bwana, ndi mphira. Potsika timasula. Sitinafune kukuvutitsani nazo. Mwaona mmene akubwerera oyera?"

"Ndaona," ndinatero.

"Shadreki anati mwina mutipatsa mendulo."

Ndinaika kapu pansi. Nyenje zinali zikulirabe. Ndinafunsa amake Tisa kumene amakung'unthira timipangoto, ndipo analoza pambali pa khitchini, pamene panalinso ovolosi ya amuna awo itapachikidwa pa msomali. Ndinali nditanena kuti maovolosi azitsala ku shedi, koma a Sakala anaona kuti sibwino kuonekera kwa mlendo m'mawa ndi chovala cha dzulo. Ndinapempha kampango kosachapa kaja. Ndinakanyowetsa m'mbali, kukapinda, nkukaika m'kathumba ka pulasitiki. Munthu wakupatsa munkoyo pakhomo pake, mkazi wake ali pomwepo, ungayambe bwanji kumuuza kuti ulemu wake wawononga ntchito?

Dzuwa lisanalowe ndinali m'kachipinda kanga. Ndinamata kaselotepi pa dontho lija, nkukaika pa kagalasi. Si njira yovomerezeka yowerengera, ndipo sindinawerenge. Ndinangoyang'ana. Mwezi uja unali wodzaza. Tiulusi tinali titagonerana ngati bango la m'mbali mwa Luangwa madzi osefukira atadutsa, tautali, tatifupi, mitolomitolo, mpaka kosatha kuona kumene kamodzi kathera. Zonsezo zinali paulendo wopita pa sefa yanga. Ndipo zinzake, zimene kampango sikanagwire, zinali zitazungulira nkhope za anthu atatu kwa masiku awiri, m'kutentha kumene munthu amakweza masiki kuti apukute thukuta.

Ndinakhala ndi fomu ija pamwendo. Ndikuuzani zoona, ana anga, cholembera ndinachitsegula. Mapampu anayenda bwino, manambala anali oona, palibe akanandigwira bodza. Matendawo akanadzabwera ine nditapuma kale ntchito, mwina nditafa, ndipo palibe akanakumbukira shedi ya thonje. Ndikakana, ntchito iima mpaka madzi okwanira ndi mamasiki ena apezeke, mvula ili pakhomo, chimanga cha midzi itatu chili panja. Ndiyeneranso kulemba ndi dzanja langa kuti masefa asanu ndi limodzi awonongeka chifukwa woyeza anakhala pansi pa bwemba osaona chimene chikuchitika kuseri. Koma padenga panali patatsala malata oposa theka, ndipo okawazula ali ouma anali a Sakala omwewo, amene anandilandira ndi manja awiri.

Ndinajambula mzere kuchokera pa ngodya ina ya fomu kufika pa inzake, nkulemba chifukwa chake pansi.

A Daka anali pa galimoto yawo akumvera wailesi. Anawerenga fomuyo kawiri.

"Timipango?" anatero. "Mukuimitsa ntchito yanga chifukwa cha timipango ta ku tchalitchi?"

"Chifukwa cha ine. Sindinayang'ane."

"Tayang'anani uko, a Phiri." Analoza ku Muchinga, kumene kunkang'anima. "Imeneyo siwerenga mafomu. Chimanga chikaola mukawauza ndinu anthuwa?"

"Ndikawauza."

"Ndipo madzi muwatenga kuti? Mukodza?"

"Munati makina akakana mumvera ine."

"Makina sanakane!"

"Sanafunsidwe n'komwe," ndinatero.

Anamenya chitseko cha galimoto ndi chikhatho, nauza dalaivala wawo kuti m'mawa alawirire ku Chipata kukafuna mamasiki ndi madiramu.

Kwa a Sakala ndinabwerera kusanade. Ndinawaitanira pambali, pansi pa mango, kuti akazi awo asamve kaye. Ndinawafotokozera kuti kasefa kaja ntchito yake ndi kuda, kuti kakada ndiye kuti kanena zoona za m'chifuwa mwawo. Anamvetsera atawerama. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Manje zimene tapuma kale, zituluka liti?"

"Sizituluka, a Sakala."

"N'zambiri?"

"Sindidziwa. Ndinabwera kudzadziwa chimenecho, ndipo sindidzadziwanso."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Tinayesa tikukusungirani," anatero.

Ndinene pano zimene zinatsatira, kuti musaganize kuti zonse zinatha bwino. Ntchito inachedwa masiku asanu ndi atatu. Mvula yoyamba inagwa denga lisanathe, ndipo matumba a pansi ananyowa, ena anaola. Pali mayi wina wa ku Kakumbi amene mpaka lero sandiyankha moni, ndipo sindimuimba mlandu. Ku Lusaka anandilembera kalata yondichenjeza, imene ili m'bokosi la maikulosikopu ngati mukufuna kuiwerenga. Masefa atatu otsala aja, atagwira ntchito malata ali onyowa, anatuluka ndi tiulusi tochepa, ndipo amenewo ndinasainira chifukwa ndinali padenga pomwepo. Nditapuma ntchito ndinasankha kumanga kuno, osati ku Katete. Amayi anu amati n'chifukwa cha nsomba. A Sakala ali moyo. Tikakumana pamsika timaima nthawi yaitali, iwo akukamba za njovu ndi za mpingo, ine ndikumvetsera mmene akupumira pakati pa mawu.

18 Okutobala 2017

M'mawa mwake ndinadzuka 04:45. Ndinagogoda pa kantemba ka pafupi mwini wake asanatsegule, nkugula timipango titatu toyera. Ndinapita nato kwa amake Tisa, nkuwapatsa ndi manja awiri. Takale tija ndi ovolosi ndinazinyowetsa, kuzimanga m'thumba la pulasitiki, ndipo pambali pa khitchini ndinathira madzi nkupalapo dothi la pamwamba. Mayiwo anaima pakhomo akundiyang'ana, timipango tatsopano tili pachifuwa.

Kenako ndinabwereka njinga ndi zigubu ziwiri, ulendo wa ku mjigo. M'njira munali mapazi a njovu a usiku womwewo, akuluakulu ngati mabeseni, m'mbali mwake dothi likugumukabe. Ndinapeza amayi oposa khumi atafola kale. Ndinaika zigubu zanga kumapeto kwa mzere. Mmodzi anafunsa mnzake m'Chikunda, mokweza kuti ndimve, ngati bwana wa ku Lusaka wathawidwa ndi mkazi, ndipo onse anaseka. Ndinaseka nawo.

Kuwala kutayamba ndinamva njinga ina kumbuyo kwanga. Anali a Sakala, ndi zigubu zinayi zomangidwa ndi mphira. Anaziika pambuyo pa zanga.

"Mwauka bwanji, bwana?"

"Ndauka bwino, kaya inu?"

"Tauka." Anayang'ana mzere, nayang'ana kumwamba. "Tikadzakweranso, makina anu tiwadetse?"

"Muwadetse, a Sakala."

Mzere unasuntha, ndipo tonse awiri tinakankhira zigubu zathu kutsogolo.